Uta wa Nsungwi wa ku Japan ndi Phunziro Lake kwa Amisiri a ku Kamwala

Pulogalamu ya maphunziro a pawailesi yokhudza ntchito zamanja

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

MAWU OYAMBA

WOULUTSA: Nkhani ya pulogalamu ino, yopita kwa amisiri a mu Lusaka, ndi ya uta wautali wa ku Japan, umene eni ake amautcha yumi, ndipo ifotokoza maonekedwe a utawo, mbiri yake, kapangidwe kake kuyambira podula nsungwi mpaka pokunga nsinga, komanso njira imene munthu amadzera kuti adzatchedwe mmisiri wake. Nkhani ya dziko lakutali chonchi ikukambidwa pano chifukwa chakuti anthu a ku Japan asunga luso la uta kwa zaka mazana ambiri chifikireni mfuti m'dziko lawo, pamene m'midzi ya Achewa, Ansenga ndi Amang'anja, kumene uta unali chida chodziwika pakhomo lililonse, odziwa kuusema akutha mmodzimmodzi popanda wolandira nzeru zawo.

GAWO LOYAMBA: MAONEKEDWE A YUMI

WOULUTSA: Yumi ndi umodzi mwa mauta aatali kwambiri pa dziko lapansi, popeza muyeso wake wa masiku onse, wotchedwa namisun, ndi masentimita 221, kutanthauza kuti utawo umapitirira msinkhu wa mwini wake. Anthu aatali mikono amawapangira wa masentimita 227 kapena 233, ndipo aafupi ali ndi wawo wa masentimita 212. Chimene chimadabwitsa mlendo koposa ndi malo ogwirira, chifukwa sali pakati monga pa mauta a mitundu yambiri, koma ali chakumunsi, kotero kuti magawo awiri mwa atatu a utawo amakhala pamwamba pa dzanja ndipo gawo limodzi lokha ndilo limatsala pansi pake.

Kapangidwe kameneka n'kakale ndithu, pakuti mbiri ya ufumu wa Wei wa ku China, yolembedwa m'zaka za m'ma 200, inanena kale kuti anthu a pa zilumba za Japan anali ndi mauta amtengo ofupika kumunsi ndi otalika kumwamba. Akatswiri amapereka zifukwa zitatu za mpangidwewu. Choyamba n'chakuti uta wakale unkasemedwa kuchokera ku kamtengo kathunthu, kamene kamakhala kolimba kutsinde ndi kofewa kunsonga, choncho wogwira chakumunsi ankapangitsa kuti mbali zonse ziwiri zipindike mogwirizana. Chachiwiri n'chakuti uta wofupika kumunsi suvuta kuponyera munthu atagwada kapena ali pa kavalo. Chachitatu, chimene anthu a sayansi anachiona pambuyo pake, n'chakuti pamalo pamenepo ndi pamene uta umanjenjemera pang'ono kwambiri muvi ukachoka, motero dzanja silimva kugwedezeka kwakukulu.

Kaponyedwe kakenso n'kosiyana ndi ka kwina. Muvi umaikidwa kumanja kwa uta, nsinga imakokedwa ndi chala chachikulu chovekedwa chikopa cholimba chotchedwa yugake, ndipo imakokedwa mpaka kupitirira khutu. Woponya waluso akamasula nsinga, uta umazungulira wokha m'dzanja lake mpaka nsingayo ikafike kunja kwa mkono, ndipo kuzungulira kumeneku sikutheka bwino ngati mmisiri sanaongole utawo kuti nsinga ikhale chakumanja pang'ono kwa mzere wapakati.

(Nyimbo yaifupi)

GAWO LACHIWIRI: MBIRI YA UTA WA NSUNGWI

WOULUTSA: Uta woyamba wa ku Japan unali wa mtengo umodzi, wosasiyana kwenikweni ndi umene alenje a kuno ankasema. Kusintha kunayamba m'nyengo ya Heian, imene inachokera mu 794 mpaka 1185, pamene amisiri anayamba kumata nsungwi kumsana kwa uta, ndiko kuti mbali yoyang'ana chandamale. Pambuyo pake anamata nsungwi kumbali zonse ziwiri, mtengo n'kukhala pakati, kenaka anazinga mtengowo ndi nsungwi mbali zinayi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 anafika pa uta wotchedwa higoyumi, umene mtima wake ndi timizere ta nsungwi tomatidwa pamodzi. Mpangidwe womalizawu ndiwo ukutsatidwa mpaka lero.

Chofunika kuchizindikira n'chakuti uta unafika pa ubwino wake wonse nthawi imene ntchito yake pankhondo inali itayamba kutha. Mu 1543 amalonda a Chipwitikizi, a mtundu womwewo umene pa nthawiyo unali utayamba kukhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi, anafika pa chilumba cha Tanegashima ndi mfuti, ndipo pasanathe zaka zambiri asilikali a mfuti ndiwo ankalamula mapeto a nkhondo. Komabe utawo sunaponyedwe kudzala, chifukwa anthu anaupezera ntchito zina zitatu: miyambo ya kukachisi, mipikisano, ndi kuphunzitsa munthu kudzigwira.

Pa miyambo, chitsanzo chodziwika ndi yabusame, kuponya mivi pa kavalo wothamanga, kumene kumachitika pa kachisi wa Tsurugaoka Hachimangu ku Kamakura kuyambira m'masiku a mtsogoleri wa asilikali Minamoto no Yoritomo mu 1187. Pa mipikisano, wotchuka koposa unali wa pa khonde la kachisi wa Sanjusangendo ku Kyoto, lotalika pafupifupi mamita 120, pamene woponya ankayenera kudutsitsa muvi khonde lonselo osakhudza denga. Mu 1686 Wasa Daihachiro anaponya mivi 13,053 usana ndi usiku umodzi, ndipo 8,133 mwa iyo inadutsa bwino. Mpikisano woterewu unkakakamiza amisiri kufuna uta wothamangitsa muvi mowongoka koma wosatopetsa mwini wake, ndipo luso lawo linakula chifukwa cha zofuna za oponyawo.

Ntchito yachitatu ndiyo imene lero imatchedwa kyudo, maphunziro oponya muvi amene amalemekeza kaimidwe, kapumidwe ndi ulemu mofanana ndi kulasa chandamale. Woponya amaima mamita 28 kuchokera pa chandamale chotambalala masentimita 36, ndipo amatsata masitepe 8 oikika, kuyambira kaikidwe ka mapazi mpaka kaimidwe ka thupi muvi utachoka. Bungwe loyang'anira kyudo m'dziko lonse la Japan linakhazikitsidwa mu 1949, la mayiko onse mu 2006, ndipo masukulu ambiri a sekondale ndi mayunivesite ali ndi magulu a masewerawa. Malinga ngati oponya alipo, mmisiri wa uta amakhala ndi msika.

(Nyimbo yaifupi)

GAWO LACHITATU: KAPANGIDWE KAKE

WOULUTSA: Likulu la ntchitoyi masiku ano ndi mzinda wa Miyakonojo, m'chigawo cha Miyazaki pa chilumba cha Kyushu, kumene kumachokera pafupifupi mauta 9 mwa 10 alionse a nsungwi opangidwa m'dzikolo. Mu 1994 boma la Japan linaika uta wa ku Miyakonojo pa mndandanda wa ntchito zamanja zachikhalidwe zotetezedwa. Amisiri a kumeneko amawerenga masitepe opitirira 200 pa uta umodzi, ndipo mmisiri mmodzi amayenera kuwadziwa onse, koma angathe kusonkhanitsidwa m'zigawo zisanu.

Chigawo choyamba ndi kusankha ndi kudula nsungwi. Mtundu wogwiritsidwa ntchito umatchedwa madake, ndipo imafunika ya zaka pafupifupi zitatu, chifukwa yanthete ilibe mphamvu, pamene yokalamba kwambiri imataya kufewa kwake. Imadulidwa m'nyengo yozizira, pamene madzi ndi zotsekemera za m'kati mwake zachepa, kuti isadzafumbwe. Mmisiri amalowa yekha m'nkhalango ndi muyeso wake, popeza mfundo za nsungwi ziyenera kugwa pamalo ake enieni: nsungwi ya kumsana kwa uta imakhala ndi mfundo 7, ya kumimba imakhala ndi 6, ndipo zimaikidwa mosinthana kuti mfundo ziwiri zisakumane pamalo amodzi ndi kusiya pofooka. Pachifukwa chimenechi nsungwi zambiri zooneka bwino zimasiyidwa zili chiimire.

Chigawo chachiwiri ndi kuumitsa. Nsungwi imang'ambidwa m'litali, n'kuyanikidwa miyezi ingapo, kenaka imawambidwa pa moto wa makala kuti mafuta ake atuluke, ndipo amapukutidwa asanazizire. Nsungwi imene idzakhale kumimba kwa uta imapachikidwa m'chipinda cha utsi kwa chaka kapena kupitirira, n'kumatsukidwa nthawi ndi nthawi mpaka itasanduka yofiirira. Cholinga chake chikumveka munthu akaganizira zimene zimachitika uta ukakokedwa: mbali ya kumsana imatamuka, pamene mbali ya kumimba imafinyika, choncho ya kumsana iyenera kukhala yolola kukokeka ndipo ya kumimba iyenera kukhala youma gwa, yokana kuphwanyika.

Chigawo chachitatu ndi kukonza mtima wa uta. Timizere ta nsungwi totchedwa higo, timene tingakhale titatu, tisanu kapena kupitirirapo, timaotchedwa pang'ono kuti tilimbe, n'kuimikidwa chammbali, ndipo kumanja ndi kumanzere kwake kumaikidwa mizere ya mtengo wa haze umene waumitsidwa zaka zambiri. Zonsezi zikamatidwa pamodzi zimapalidwa kuti mtimawo ukhale wochindikala pogwirira ndi kumka upyapyala cha kunsonga. Apa ndi pamene mphamvu ya uta imakhazikitsidwa, ndipo kupala kopitirira ndi kachigawo kochepa ka milimita kumasintha kulemera kwa kukoka, kumene pa mauta ambiri a masiku ano kumakhala pakati pa makilogalamu 10 ndi 20.

Chigawo chachinayi, chimene ndi pachimake pa ntchito yonse, ndi kumata ndi kupinda. Guluu wachikale amatchedwa nibe, ndipo amaphikidwa kuchokera ku chikopa cha nyama ya m'tchire yofanana ndi mbawala. Guluu ameneyu amafewa ndi kutentha ndi chinyezi, n'chifukwa chake uta wa nibe supatsidwa ntchito yambiri m'miyezi yotentha ya mvula, koma oponya akale amaukonda chifukwa cha kufewa kwa kakokedwe kake. Amisiri ambiri lero amagwiritsa ntchito guluu wa kufakitale wosaopa chinyezi. Mmisiri akapaka guluu, amaika mtima pakati pa nsungwi ziwiri zija, n'kuzinga zonse ndi chingwe mopingasa kuchokera kunsonga kufika kunsonga inzake. Kenaka amakhomera pansi pa chingwecho zikhomo za nsungwi zosongoka mbali imodzi, zotchedwa kusabi, zokwana 80 mpaka 100 kapena kuposerapo. Chikhomo chilichonse chimagwira ntchito ziwiri, kufinya zomatazo kuti zigwirane ndi kuumiriza uta kupindika pamalo pamene chakhomedwa. Pogwiritsa ntchito manja, mapazi ndi nyundo yamtengo, mmisiri amaumba mapindiko asanu otsatizana, ena olowa m'kati ena otuluka kunja, ndipo ayenera kumaliza guluu asanagwire. Palibe chikombole chimene amatsata, koma diso lake ndi chizolowezi cha manja ake.

Chigawo chachisanu ndi kukunga ndi kuweta utawo. Zikhomo zikachotsedwa, uta umakhala wopindikira kumbali yosiyana ndi kumene udzapindikire ukamangidwa nsinga, ndipo kupindika kobwerera kumeneku ndiko nkhokwe ya mphamvu yake. Kunsonga zonse ziwiri kumamatidwa timatabwa tolandira nsinga. Kenaka utawo umaikidwa pa chimango chokungira, n'kupindidwa pang'onopang'ono mpaka nsinga italowa, ndipo mmisiri amauponda ndi phazi apa ndi apo kuti awongole pamene pakhota. Umasiyidwa chikungire masiku angapo, n'kuonedwanso, n'kukonzedwanso, mpaka utakhazikika ndipo mpata wa pakati pa nsinga ndi pogwirira uli pafupifupi masentimita 15. Pomaliza amaupala, amakulunga chikopa pogwirira, amazinga malo ena ndi chomera choyanga cha m'banja la migwalangwa, ndipo mauta ena amapakidwa utomoni wa mtengo wa urushi wowateteza ku mvula. Nsinga yachikale imapotedwa ndi luzi la chomera chotchedwa asa n'kupakidwa utomoni wa paini wosakaniza ndi mafuta, pamene mivi, imene ili ndi amisiri akeake, imapangidwa ndi nsungwi yopyapyala yotchedwa yadake.

(Nyimbo yaifupi)

GAWO LACHINAYI: KUPHUNZIRA NTCHITOYI

WOULUTSA: Kuwerenga masitepe onsewa kumatenga mphindi zochepa, koma kuwadziwa ndi manja kumatenga zaka zambiri, ndipo amisiri eni ake amanena kuti zaka 10 ndizo zimafunika munthu asanayambe kudziimira. Chifukwa chake si nkhanza za aphunzitsi ayi, koma chikhalidwe cha nsungwi yomwe. Kudula kumachitika kamodzi pachaka, choncho wophunzira amakhala ndi mwayi umodzi pachaka wozolowetsa diso lake kusankha nsungwi. Nsungwi imene wasankha chaka chino idzalowa mu uta patapita chaka kapena ziwiri, ndipo kulakwa kwake kungadzaonekere pamene utawo waponya kale mivi yambirimbiri. Akuluakulu a kuno anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wophunzira wa yumi alibe njira ina yachidule.

Mwachizolowezi wophunzira amayamba ndi ntchito zooneka zazing'ono, monga kusema zikhomo, kunola zipangizo, kusamala moto ndi kutembenuza nsungwi zoyanikidwa. Pochita zimenezi amaphunzira kumva kusiyana kwa nsungwi yabwino ndi yoipa m'zala zake, ndipo amakhala pafupi ndi mphunzitsi pa nthawi yokhoma zikhomo, imene sifotokozeka mokwanira ndi mawu. Amayeneranso kudziwa kuponya, popeza munthu wosakokapo uta sangamvetse dandaulo la woponya amene wabweza uta wake kuti ukonzedwe. Akakhwima amaloledwa kulemba dzina lake pa uta, ndipo kuyambira pamenepo ubwino ndi kuipa kwa utawo zimakhala pamutu pake.

Luso limeneli layenda m'njira ziwiri, ya m'banja ndi ya ophunzira ochokera kunja kwa banja. Ku Kyoto, banja la Shibata lakhala likupanga mauta kuyambira zaka za m'ma 1500, mutu wa banja aliyense akumalowa dzina la Kanjuro. Kanjuro Shibata wa nambala 20, amene anabadwa mu 1921 ndi kumwalira mu 2013, ankapanga mauta a miyambo ya nyumba yachifumu ndi a kachisi wa Ise, amene amamangidwanso zaka 20 zilizonse, ndipo kuyambira mu 1980 anaphunzitsa kyudo ku Boulder, m'dziko la United States. Ku Miyakonojo, mmisiri Kusumi Zenji, amene anachokera ku Kagoshima m'nyengo ya Meiji, anaphunzitsa anthu ambiri, ndipo n'chifukwa chake mzinda umodzi unadzakhala ndi mabanja angapo a ntchitoyi. Ngakhale zili choncho, amisiri a nsungwi ndi ochepa, ndipo oyamba kumene kyudo amagula mauta otsika mtengo a kufakitale, motero lusoli likudalirabe achinyamata olola kudikira.

(Nyimbo yaifupi)

GAWO LACHISANU: UTA WA KUNO

WOULUTSA: Dziko la Zambia lili ndi umboni wa uta wakale kwambiri. Pa akasupe otentha a Gwisho, ku Lochinvar kumwera kwa madambo a Kafue, akatswiri ofukula zakale Creighton Gabel, Brian Fagan ndi Francis Van Noten anapeza m'zaka zoyambirira za m'ma 1960 zidutswa za mauta, nsonga za mivi zamtengo ndi ndodo zokumbira, zimene matope anazisunga kwa zaka pafupifupi 4,000. Kum'mawa, António Gamitto, amene anayenda kuchokera ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe mu 1831 ndi 1832 podzera m'dziko la Amaravi ndi Achewa, analemba za uta ndi mivi monga zida zazikulu za anthu amene anakumana nawo.

Uta wa kuno unali wa mtengo umodzi wosemedwa mochepera kunsonga zonse ziwiri, nsinga yake inali ya chikopa chopota kapena mitsempha ya nyama, ndipo muvi unali wa bango, wokhala ndi nthenga kumbuyo ndi mpaliro wachitsulo kutsogolo, umene unkachokera kwa wosula. Choncho muvi umodzi unkalumikiza anthu angapo, wosema, wosula ndi mlenje, ndipo mnyamata ankaphunzira pang'onopang'ono, kuyambira pa kauta kolasira mbalame mpaka tsiku lonyamula phodo kupita ku uzimba pamodzi ndi akuluakulu.

Mphamvu ya uta woterewu inkawonjezeka ndi mankhwala opaka kumpaliro, ndipo wodziwika koposa ndi kombe, wochokera ku njere za chomera choyanga. John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi Shire, anaona Amang'anja akuugwiritsa ntchito, ndipo anazindikira kuti umachepetsa kugunda kwa mtima pamene mswachi wake unakhudzana ndi kombe m'thumba. Chomeracho chinapatsidwa dzina la sayansi lakuti Strophanthus kombe mu 1871, ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh anatulutsamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin, amene madokotala a ku Ulaya anawagwiritsa ntchito zaka zambiri. Nzeru za alenje a m'chigwa cha Shire zinalowa m'zipatala za kutali, pamene dzina la mlenje ngakhale mmodzi silinatchuke nazo.

Uta wa kuno unabwerera m'mbuyo pa zifukwa zotsatizana. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835, anabwera ndi nkhondo ya chishango ndi mkondo waufupi yomenyana pafupi, amalonda a minyanga ndi akapolo anabweretsa mfuti, ndipo boma la atsamunda linaika malamulo oletsa ulenje wa anthu wamba m'madera ambiri. Kusiyana kwake ndi Japan kuli apa: kumeneko uta utasiya nkhondo unapeza kachisi, bwalo la mpikisano ndi sukulu, pamene kuno unasiya nkhondo ndi ulenje osapeza kwina kolowera, ndipo chida chopanda ntchito sichikhala ndi wophunzira.

(Nyimbo yaifupi)

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: PHUNZIRO KWA AMISIRI A MU LUSAKA

WOULUTSA: Munthu wa ku Kamwala sasowa poyambira. Pafupi pomwepo, pa msewu wa Burma, pali Kabwata Cultural Village, pamene nyumba zozungulira 43, zotsala mwa zimene boma la atsamunda linamangira antchito achikuda, zinasungidwa mu 1974 kuti zikhale malo a osema ndi oluka. Pa Independence Avenue pali Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996, ndipo imasunga zipangizo za makolo. Matabwa ndi mitengo zimapezeka ku msika wa Buseko, guluu, zingwe ndi zopalira zili m'masitolo a ku Kamwala, ndipo pa mlatho wa Luangwa, pa msewu wopita ku Chipata, oluka amagulitsa madengu oonetsa kuti manja odziwa kung'amba ndi kupala nsungwi alipo. Kampani ya Zambikes ya mu Lusaka inasonyezanso kuti nsungwi yolimidwa kuno ingathe kukhala chimango cha njinga chogulitsidwa kunja.

Komabe wofuna kuyesa ayenera kudziwa kuti nsungwi ya m'tchire la kuno, imene asayansi amaitcha Oxytenanthera abyssinica, si madake. Kawirikawiri imakhala yocheperapo m'mimba mwake, ndipo khungu lake ndi lochindikala mwakuti zina zimakhala pafupifupi zopanda mphako. Choncho miyeso ya ku Miyakonojo singangotengedwa momwe ilili, ndipo nzeru ndi kuyamba ndi kauta kakafupi komata zigawo zitatu, n'kumalemba m'kope msinkhu wa nsungwi, mwezi wodulira, masiku oumitsira ndi pamene pathyoka. Zimene zingatengedwe popanda kusintha ndi mfundo zinayi: kudula nsungwi yokhwima m'miyezi youma osati m'dzinja, kuiumitsa pamthunzi mosathamangira, kuiwamba kuti isafumbwe, ndi kumata zigawo zopyapyala m'malo modalira chidutswa chimodzi chochindikala. Mfundo zomwezi zimalimbitsa mpando, chitseko, mpini ndi chimango cha bedi, ndipo n'zofunika kwambiri lero pamene mitengo ngati mlombwa ikusowa, ndipo mukula unalowa m'ndandanda wa mitengo yotetezedwa pa malonda a mayiko onse mu 2019. Nsungwi imakhwima pa zaka zitatu kapena zinayi n'kuphukanso pa tsinde lomwelo, pamene mlombwa umafuna zaka makumi ambiri.

Khomo lophunzirana ndi Japan ndi lotseguka kale. Othamanga a dziko lino analowa m'masewera a Olimpiki a ku Tokyo m'dzina la Northern Rhodesia, n'kutuluka pa 24 Okutobala 1964 atanyamula mbendera ya Zambia, ndipo kuyambira mu 1970 achinyamata odzipereka a ku Japan akhala akugwira ntchito m'dziko muno. Ku Malawi, ndondomeko yakuti mudzi uliwonse ukhale ndi chinthu chake chodziwika nacho, imene inayamba mu 2003, inatengedwa ku Oita, chigawo cha pa chilumba cha Kyushu chotchuka ndi madake ndi zoluka za nsungwi. Magulu a amisiri ndi masukulu a ntchito zamanja amene bungwe la TEVETA limayang'anira angathe kupempha maphunziro a kasamalidwe ka nsungwi kudzera m'njira zoterezi.

Chenjezo nalo n'lofunika. Uta ndi chida chopha, ndipo m'komboni mmene nyumba zili mothithikana ndi ana akusewera m'tinjira simuyenera kuponyedwa muvi ngakhale woyesera. Lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limaletsa kusaka nyama popanda chilolezo, kombe ndi poizoni wosayenera kuseweretsa, ndipo kudula mitengo ndi nsungwi m'nkhalango za boma kumafuna chilolezo cha dipatimenti ya zankhalango. Malo a uta masiku ano ndi bwalo lotchingidwa la masewera, kalasi, nyumba yosungira zakale ndi miyambo ya makolo.

MAWU OTSEKERA

WOULUTSA: Yumi wakhalapo mpaka lero chifukwa mbadwo uliwonse unapeza munthu wolola kukhala pansi zaka zambiri pambali pa mphunzitsi, ndiponso chifukwa dziko linaupatsa utawo ntchito yatsopano yakale itatha. Zinthu ziwirizi n'zotheka kuno. Omvera amene kwawo ndi ku Katete, Chadiza, Petauke, Nyimba, Mchinji, Dedza kapena Angónia akupemphedwa kuti akapita kumudzi, kaya ndi ku maliro, ku tchuthi kapena ku mwambo wa Kulamba umene umachitika ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, akafunse agogo ndi amalume awo dzina la mtengo wosemera uta, mwezi woudulira, kapotedwe ka nsinga ndi kamangidwe ka nthenga, ndipo akalembe kapena kujambula pa foni zimene auzidwa. Amisiri a ku Kamwala ndi makomboni onse akupemphedwa kuti aliyense atenge wophunzira mmodzi ndi kumuonetsa ntchito yonse, kuyambira posankha mtengo mpaka pomaliza, osabisa kanthu.

(Nyimbo yotsekera)